Chitseko Chisanazulidwe



Ife a kuno ku Nsipe tidakhala m'mphepete mwa mseu waukulu. Basi yochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe imadutsa pakhomo pathu, ndipo palibe mudzi kuno umene sudaperekezepo mwana ku siteji, atanyamula chikwama ndi kathumba ka ufa, kuti akayese mwai m'tauni. Ena zidaŵayendera. Ena timangomva kuti ali ku Ndirande, ku Mbayani, ku Mtandire kapena kwa Chinsapo, ndipo akaimba foni amati zonse zili bwino. Tsono tikamakamba za anthu osoŵa pogona m'mizinda, tikukamba za ana athu ndi adzukulu athu, ena mwa iwo obatizidwa m'tchalitchi mwathu momwemuno. Lero tifuna kulongosola m'mene banja limafikira pogona panja, ndi pamene chifundo cha Akristu chingaliimitsire lisanafike pamenepo. Pakuti palibe amene amadzuka m'maŵa n'kusankha kukagona pakhonde la sitolo ku Limbe kapena pa depoti ya mabasi ku Lilongwe. Pali njira imene amayenda, pang'onopang'ono, anzake akuona.

Tiyambe ndi m'mene mizinda yathu idakulira. Bungwe la Malawi Housing Corporation lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 kuti lizimanga nyumba za m'tauni, koma nyumbazo sizidakwanirepo, ndipo zambiri zidagwera anthu a ntchito zolembedwa. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu adakhamukira kumeneko mofulumira kuposa m'mene nyumba zinkamangidwira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe mudali anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo mu Blantyre 800,000. Ambiri mwa ameneŵa sakhala kumayadi. Amakhala kumene nyumba zidangomera popanda mseu kapena ngalande, ndipo kaŵirikaŵiri nyumbazo si zao. Ndi za lendi: chipinda chimodzi kapena ziŵiri, chimbudzi chogaŵana ndi mabanja ena, pangano la pakamwa lopanda kalata.

Tiyerekeze banja limodzi lotere. Bambo ndi mlonda wa usiku. Mai amagulitsa pamsika tomato ndi kabichi wochokera kwathu konkuno ku Lizulu. Ana alipo atatu. Mwezi ukatha, ndalama zimangokwanira lendi, ufa ndi makala, osatsala kanthu. Mwezi wina mwana adwala malungo aakulu, mai agonera naye kuchipatala masabata aŵiri, mpamba wa geni n'kuthera pomwepo. Apempha eni nyumba kuti aŵadikire. Mwezi wotsatira kugwa maliro kuno kumudzi, ndipo ife tomwe ndife oyamba kuimba foni kuti bokosi agule ndi a kutauni. Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Ngongole yafika miyezi iŵiri. Bambo athamangira kwa wakatapira, amene chiŵongoladzanja chake chimadya malipiro a mwezi umene sunafike n'komwe. Pa mwezi wachitatu mwini nyumba abwera ndi kalipentala, azula chitseko, kapena asasula lata limodzi loyang'anana ndi mphasa, pamene kuli dzinja. Akafunsidwa adzati sadapirikitse munthu, banjalo lidachoka lokha. Onjezani pamenepo kugwa kwa ndalama yathu: mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, mitengo ya zonse idakwera, lendi nayo idakwera, koma malipiro a mlonda adatsalira m'mbuyo.

Zotsatira zake mukuzidziŵa. Katundu agwidwa ngati chikole. Mai ndi ana aang'ono apempha pogona kwa mnzao wa m'kwaya, kumene sangakhaleko kupitirira sabata. Bambo amagona kuntchito. Mnyamata wamkulu aleka sukulu, ayamba kugulitsa majumbo pamsika, tsiku lina osabwerako, ndipo pakapita miyezi timamuona akupemphetsa pamphambano, tikumutcha mwana wamasikini ngati adabadwira pamsewupo. Ukwati umene tidaudalitsa pa guwa wapasuka popanda chigololo, popanda ndeu, chifukwa cha lendi ya miyezi iŵiri. Ndipo kufikira posachedwapa, munthu wogona panja ankaonjezerapo mantha a kumangidwa. Mudali mu Januwale 2017 pamene Bwalo Lalikulu la milandu ku Blantyre lidagamula kuti ndime ina ya lamulo la vakabu ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino.

Koma tisafulumire kuponya miyala eni nyumba. Ambiri a iwo si anthu olemera ai. Nthaŵi zina ndi mai wamasiye amene tizipinda titatu ta kuseri kwa nyumba yake ndiye munda wake, ndiye fizi ya ana ake. Ena mwa eni nyumbawo ali pakati pathu pompano, adapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, ndipo amadikira lendi ya ku Bangwe kuti agule feteleza. Lendi ndi ngongole yeniyeni, ndipo Eklezia saphunzitsa kuti ngongole isabwezedwe. Chimene tikukana ndi kuzula chitseko. Mwini nyumba ali ndi njira yake: kukambirana, kupereka nthaŵi yokwanira, ndipo zikakanika kukadandaula kwa amfumu a deralo kapena ku bwalo la milandu. Mkristu amene asasula denga la ana mvula ikugwa, Lamulungu n'kudzatambasula dzanja kuti alandire Ukaristia, ayambe wadzera ku kulapa.

M'buku lachiŵiri la Mafumu, mutu 4, muli nkhani imene ikadatha kuchitikira ku Ndirande. Mai wina, mkazi wa mmodzi mwa aneneri, adafedwa mwamuna amene adasiya ngongole. Mwini ngongole adali m'njira kudzatenga ana ake aŵiri kuti akhale akapolo. Maiyo adakalira kwa Elisa. Onani dongosolo la zimene mneneriyo adachita. Poyamba adamfunsa chimene chatsala m'nyumba, ndipo padapezeka kambiya ka mafuta. Kenaka adamtuma kwa anansi ake kukabwereka mbiya zopanda kanthu, zambiri ndithu. Pambuyo pake adamuuza kuti aloŵe ndi ana ake, atseke chitseko, azithira mafutawo m'mbiyamo. Mafuta adachuluka mpaka mbiya zonse zidadzaza, ndipo adaleka pamene mbiya zidatha. Maiyo adagulitsa mafuta, adabweza ngongole, zotsala n'kudya ndi ana ake.

Ife tikamasinkhasinkha nkhaniyi, zimatigwira mtima ndi zinthu zing'onozing'ono. Thandizo lidafika ana asanatengedwe; Elisa sadadikire kuti akaŵaombole ku ukapolo. Ngongole idabwezedwa yonse, mwini ngongole sadaberedwe. Ntchitoyo idachitika chitseko chili chotseka, kotero kuti umphaŵi wa maiyo sudasanduke chionetsero cha mudzi. Ndipo chimene chidaika malire a chozizwitsacho ndi kuchuluka kwa mbiya zimene anansi adabwereketsa. Mnansi amene adakaniza mbiya yake tsiku limenelo adachepetsa mafuta a mai wamasiye, ngakhale iye sadadziŵe.

Njira yomweyi idatulukiranso ku Paris mu Epulo 1833. Chaka chapitacho kolera idali itapha anthu ochuluka mumzindamo, makamaka m'madera a amphaŵi. Mnyamata wina wa pa yunivesite, Frédéric Ozanam, wa zaka 20, ankatsutsana ndi anzake osakhulupirira, amene adamfunsa kuti aonetse chimene Eklezia akuchitira osauka masiku ao. Funsolo lidamlasa. Iye ndi anzake oŵerengeka adayamba kagulu, ndipo popeza sankadziŵa kumene amphaŵi amakhala, adapita kwa Sisitere Rosalie Rendu, amene adakhala zaka zambiri pakati pa osauka a dera la Mouffetard. Iyeyo adaŵalozera makomo, naŵaphunzitsa kaloŵedwe kaulemu m'nyumba ya wosauka. Umu ndi m'mene lidayambira bungwe la Vincent de Paul Woyera, limene lero lili m'maiko oposa 100, kuphatikizapo Malaŵi. Ozanam adamwalira mu 1853 ali ndi zaka 40 zokha, ndipo Papa John Paul II adamutcha Wodala ku Paris komweko mu 1997.

Kagwiridwe kao ka ntchito n'koyenera kukafotokoza, chifukwa ambiri timangoŵaona akupempha zovala pakhomo la tchalitchi. Gulu la pa parishi limakumana kaŵirikaŵiri, kupemphera, kenaka kuyendetsa kathumba kamene aliyense amaponyamo dzanja lili lofumbata, kuti pasadziŵike wapereka zambiri kapena wopanda kanthu. Mtima wa ntchito yao ndi kuyendera banja kunyumba kwake, aŵiriaŵiri. Wovutika saitanidwa kuti adzaime pa mzere ku ofesi. Amamlondola, amakhala pansi, amamvetsera. Ndipo m'maiko ambiri a Vincent adaphunzira kuti thandizo lopindulitsa kwambiri ndi kulipirira banja lendi yotsalira lisanatulutsidwe. Amayamba aonana ndi mwini nyumba, kugwirizana kuti gulu lipereka gawo lakuti, banja limaliza gawo lakuti pofika tsiku lakuti, ndipo iye aleka zozula chitseko. Ndalamayo imaperekedwa kwa mwini nyumba mwachindunji, pali mboni.

Ŵerengani nokha masamu ake. Kusunga banja m'nyumba kufuna lendi ya miyezi iŵiri, mwina umodzi wokha ngati mwini nyumba wamva chisoni. Kulikhazikanso litatulutsidwa kufuna zambiri: nyumba yatsopano imene eni ake ambiri amafuna ndalama za miyezi ingapo zolipiriratu, galimoto yonyamula katundu, kuombola katundu wogwidwa, mpamba wina wa geni pamsika wachilendo pamene mai alibe makasitomala, ndi malo a sukulu a ana. Nanga mwana amene waloŵa kale mumseu? Masisitere a Missionary Sisters of Our Lady of Africa adayambitsa ntchito ya Tikondane ku Lilongwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ku Blantyre kuli Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust. Onseŵa amalondola ana a mumseu ndi kuyesa kuŵabwezera kwa abale ao ndi kusukulu. Ndi ntchito yoyera, ndipo tiyenera kuithandiza. Komabe ndi ntchito ya miyezi, nthaŵi zina zaka, pa mwana mmodzi, ndipo ena sabwerera.

Pali ena amene adaganiza zothana ndi lendi yeniyeniyo. Mu 2003 amai a ku Mtandire ku Lilongwe adayamba timagulu tosunga ndalama tsiku ndi tsiku, kandalama kalikonse kamene munthu wapeza. Timaguluto tidakula n'kukhala chigwirizano cha Malawi Homeless People's Federation, mothandizana ndi bungwe la CCODE. Thumba lao la ngongole za nyumba adalitcha Mchenga, poti kamchenga kamodzi n'kopanda ntchito, koma wochuluka umamanga nyumba. Popeza adali ambiri ndiponso adali ndi mabuku oonetsa zimene asunga, adatha kukambirana ndi akuluakulu a mizinda, ndipo adapatsidwa malo ku Area 49 ku Lilongwe, kwa Angelo Goveya ku Blantyre ndi ku Mzuzu, kumene mabanja mazanamazana adamanga nyumba zao, akuumba okha zidina. Sizidayende zonse bwino. Kubweza ngongole kudavuta kwa ena. Koma mai amene adali wa lendi moyo wake wonse adagwira kiyi wa nyumba yake, ndipo adayambira pa makobiri amene ife timaŵayesa osanunkha kanthu.

Tikumbukenso kuti wa lendi wosauka amakhala pamene ena adakana kukhala: m'mphepete mwa mtsinje, m'munsi mwa phiri. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 600,000 adasoŵa pokhala, n'kuthaŵira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ambiri adafunsa kuti anthuwo adakhaliranji pamalo oopsa. Yankho lake ndi lendi: kumeneko n'kumene idali yotsika.

Mwina wina pano akuti zonsezi n'za ansembe ndi Akristu a m'tauni. Iai. M'dziko lathu, nyumba yomaliza ya munthu wa m'tauni ndi mudzi. Zikavuta amati ndibwerera kwathu. Tsono funso ndi lakuti kwaoko kukali kotsekula kodi? Tamva za mai amene mwamuna wake atamwalira m'tauni, akuchimuna adafika maliro asanaikidwe n'komwe, n'kuyamba kuŵerenga mipando ndi kufunsa mapepala a nyumba. Amenewo sadachokere kumwamba. Adakwera basi pa siteji ngati yathuyi. Dziŵani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nao. Kwa Mkristu ndi tchimo lolira kwa Mulungu, ngakhale apolisi asamve. Taonanso munthu atabwerako m'tauni chimanjamanja, n'kupeza gawo lake la munda abale adagulitsa, ndipo pachitsime akumunena kuti uja wa sutiyu wabwera kudzatidyera. Manyazi otere ndi amene amachititsa ena kusankha khonde la sitolo m'malo mwa khonde la amai ao.

Kusoŵa mudzi n'koopsa. Mu 2005 boma la Zimbabwe lidagumula nyumba ndi misika ya amphaŵi m'mizinda pa ntchito imene lidaitcha Murambatsvina, ndipo bungwe la United Nations lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena popezera chakudya. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwao. Koma adzukulu a Amalaŵi amene adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, amene ife tinkaŵatcha matchona, ambiri adalibe mudzi wobwererako. Ife tili nao mudzi, ndipo tidaonetsapo kale kuti tikhoza kuutsekula. Kuyambira 1986, nkhondo itakula ku Mozambique, anthu othaŵa adadzaza dziko lino mpaka kupitirira miliyoni imodzi, ndipo kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri adakhala m'midzi momwe, pakati pa eni dera, kufikira mtendere utasainidwa ku Roma mu Okutobala 1992 ndi kuyamba kubwerera kwao. Akuluakulu amene mukutimvera mukukumbuka. Mudapereka malo omangapo kwa anthu a dziko lina pamene inunso mudali osauka. Kodi mwana wa mlongo wanu ndiye angasoŵe pomanga kanyumba?

Tikudziŵa zimene ena adzanene pa msonkhano wa mphakati, chifukwa tidazimva kale: mukamthandiza kamodzi azoloŵera, uja ndalama zake zimathera ku kachasu. Nthaŵi zina n'zoona. N'chifukwa chake a Vincent amayendera banja asanatulutse ndalama, ndipo amalipira kwa mwini nyumba osati m'thumba la bambo. Thandizo la lendi ndi la banja limene lapunthwa ndipo likhoza kuimanso. Kumene gwero la ndalama lidaumiratu, chifundo chenicheni mwina ndi kuthandiza banjalo kupeza chipinda chotsikirapo, kapena kulilipirira ulendo wobwerera kumudzi mwaulemu, katundu ali m'manja. Ndipo ngakhale bamboyo akhale chidakwa, ana ake sadamwe nao. Mu 1987, chaka chimene maiko adachipatula kuti aganizire osoŵa pokhala, ofesi ya Papa ya Chilungamo ndi Mtendere idatulutsa kalata yokhudza nkhani yomweyi, ndipo mutu wake udali funso lofanana ndi lija Mulungu adafunsa Kaini za mbale wake. Pa funso limenelo sitidzayankha pofotokoza makhalidwe a mbaleyo.

Chovuta chachikulu n'chakuti banja limene lili pa ngongole ya lendi silinena. Limavala bwino Lamulungu, limaimba nao, limapereka nao chopereka. Timadzamva katundu ali kale pabwalo. Apa ndi pamene miphakati, imene kwina amaitcha malimana, ili ndi mwai umene wansembe alibe, pakuti anthu a nyumba zoyandikana amaona pamene utsi waleka kufuka kukhitchini kwa mnzao. Inu akatekisti, phunzitsani atsogoleri a miphakati kufunsa mwakachetechete, aŵiri okha, ndi kusunga chinsinsi monga chitseko chija cha mai wamasiye. Dzina la wothandizidwa lisalengezedwe m'tchalitchi. Thumba la mphakati lisamangodikira maliro. Timasonkha msanga kugulira munthu bokosi, pamene tikadasonkha theka lake ali moyo akadagona m'nyumba. Parishi imene ili ndi gulu la a Vincent lofooka iliukitse, ndipo imene ilibe ikambirane ndi bambo mfumu za kuliyambitsa; anthu asanu okhulupirika ndi kope limodzi la maakaunti n'zokwanira poyambira.

Kwa inu makolo a kuno kumudzi, tikupempha ziŵiri. Pakagwa maliro kapena chinkhoswe, musasenzetse mwana wa m'tauni mtolo wonse musanadziŵe m'mene zinthu zilili kunyumba kwake. Ndipo mwezi uno usanathe, muimbireni foni. Akadzati zonse zili bwino, monga amanenera masiku onse, musalekere pomwepo. Mufunseni kuti lendi walipira mpaka mwezi uti, ndipo mumuuze kuti gawo lake la munda likalipo.